Lipoti la ku msonkhano wokumbukira a Percy Julian

A Tcheya, akuluakulu a komiti, ndi nonse anzanga a m'gulu lathu la aphunzitsi a sayansi ndi ogwira ntchito m'malabu, moni nonse. Ndabwerako bwino. Poyamba ndithokoze kuti munandisankha ndi kundisonkhera kuti ndikakuimireni ku msonkhano uja wokumbukira moyo ndi ntchito ya malemu Dr Percy Julian, katswiri wa chemistry wachikuda wa ku America. Malisiti onse ndasiya kale kwa amayi asungichuma. Lipotili ndilalitali ndithu, mundipirire, chifukwa zimene ndamva kumeneko sizoti ndingazithe ndi mizere iwiri.

Munandituma ndi mafunso awiri. Loyamba linali lakuti kodi nzoona zimene timawerenga pa intaneti zoti a Julian ndi amene anatulukira cortisone, mankhwala othandiza odwala nyamakazi. Lachiwiri, limene anafunsa achinyamata athu omwe angomaliza digiri, linali lakuti kodi katswiri wa chemistry wa mu kampani amasiyana pati ndi profesa wa ku yunivesite. Onse awiri ndabwera ndi mayankho ake, koma lachiwirilo ndi limene landigwira mtima kwambiri, nde mundiona ndikuchedwa pamenepo.

Msonkhano unali wa masiku awiri. Ambiri anali anthu opuma pantchito amene moyo wawo wonse anathera m'malabu a makampani, ena aphunzitsi ngati ife, ndi ophunzira angapo. Tsiku loyamba tisanayambe chilichonse anayendetsa kabotolo kotseka bwino, mkati muli nyemba imodzi yokha, yaikulu ngati chala chachikulu, yakuda mofiirira, yokhala ndi mzere wolowa mkati mbali imodzi. Anatiuza kuti tiyang'ane koma tisatsegule. Ndi nyemba ya Calabar imeneyo, ya ku West Africa, imene kale ankamwetsa anthu oganiziridwa mlandu mofanana ndi zimene timamva za mwavi. Ndinaigwira nthawi yaitali kuposa anzanga, chifukwa nkhani yonse ya masiku awiriwo imayambira pa nyemba imeneyi nkukathera pa nyemba ina, ya soya.

Za ubwana wawo ndidutsa mwachangu pang'ono. Anabadwa pa 11 April 1899 ku Montgomery, m'chigawo cha Alabama ku America, woyamba mwa ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo anali kalaliki wa makalata oyenda pa sitima, mayi awo mphunzitsi, agogo awo anakhalapo akapolo. Nthawi imeneyo ku Montgomery sukulu za boma za ana akuda zinkathera kalasi ya 8 basi. Nde atafika ku DePauw University ku Greencastle, Indiana mu 1916, anawauza kuti maphunziro awo ndi operewera, moti ankaphunzira za ku sekondale ndi za ku koleji nthawi imodzi. Malo ogona ophunzira sanawalole, ankagona m'kachipinda ka kudenga m'nyumba ina ya ophunzira achizungu, kulipira kwake kunali kusonkha moto wotenthetsa nyumba ndi kuperekera zakudya patebulo. Pofika 1920 munthu uja analowa ali m'mbuyo mwa aliyense anamaliza ali nambala wani m'kalasi yonse.

Kuchoka apo anaphunzitsa ku Fisk University, mu 1923 anatenga digiri ya masters ku Harvard, koma ya PhD inakanika kumeneko chifukwa sanafune kuwapatsa ntchito yothandizira kuphunzitsa, ati ana achizungu sangalole kuphunzitsidwa ndi munthu wakuda. Anaphunzitsanso ku West Virginia ndi ku Howard University, mpaka mu 1929 anapeza thandizo la ndalama la bungwe la Rockefeller nkupita ku Vienna, komwe anaphunzira pansi pa Ernst Späth nkutenga PhD mu 1931. Kumeneko anaphunzira Chijeremani mpaka kuchiyankhula bwinobwino, musunge mfundo imeneyi chifukwa ibweranso. Kumenekonso anapeza mnzawo wa pamtima, Josef Pikl. Okonza msonkhano sanabise kuti atabwerera ku Howard zinthu zinavuta, makalata awo achinsinsi amene ankalemba ali ku Vienna anatuluka m'nyuzipepala, kunali mikangano, mpaka anatula pansi udindo. Ndinakonda kuti anazinena poyera. Munthuyu anali ndi zofooka zake ngati wina aliyense, ndipo mphunzitsi wawo wakale William Blanchard ndi amene anawatola nkuwabwezera ku DePauw.

Tibwerere ku nyemba ija. Mu nyemba ya Calabar muli mankhwala otchedwa physostigmine, amene madokotala ankagwiritsa ntchito pa matenda a maso a glaucoma, chifukwa amathandiza kuti madzi a m'diso atuluke, diso lisamakhale lothinana mkati. Panalibe amene anali atawapangapo mu labu kuyambira pachiyambi. A Julian ndi Pikl anayamba ntchitoyi, koma ku Oxford kunali Robert Robinson, chimphona cha chemistry, amene pambuyo pake analandira Nobel mu 1947, naye ankathamangira chomwecho ndipo anali atalengeza kale kuti wapanga chinthu chotchedwa eserethole, chimene chili sitepe yoyandikira kumapeto. A Julian atapanga chawo anaona kuti sichikufanana ndi cha Robinson. Mmodzi mwa awiriwa anali wolakwa. Ndiye munthu wakuda wopanda ngakhale uprofesa, wa pa koleji yaing'ono, analemba m'pepala lake la sayansi kuti a Robinson ndi amene alakwitsa. Taganizani akanakhala kuti olakwa ndi iwo, ntchito yawo ikanathera pomwepo.

Mmene anatsimikizira ndi zimene ife aphunzitsi tiyenera kuzitola. Kunalibe makina amakono aja ongoikamo kanthu nkukuuza kuti ndi chiyani. Anatenga eserethole yochokera ku nyemba yeniyeni, nkuyerekeza ndi yawo ya mu labu poona kutentha kumene chilichonse chimasungunukira. Zinafanana. Mayi wina amene ankafotokoza gawoli anatulutsa kachubu kagalasi kopyapyala ngati udzu, kali ndi ufa pang'ono kunsonga, nkutionetsa kuti chida chake ndi chomwechi chimene ana athu amachiona ngati chotopetsa mu practical. Zimenezi zinali mu 1935, ndipo mu 1999 bungwe la American Chemical Society linaika ntchito imeneyi pa mndandanda wa zinthu zosaiwalika m'mbiri ya chemistry.

Mungaganize kuti apa ndiye zitseko zinatseguka. Ayi ndithu. DePauw yomweyo inakana kuwapatsa uprofesa. Kampani ya DuPont inawaitana pamodzi ndi Pikl, Pikl anamulemba, iwo anawabweza ati sankadziwa kuti ndi munthu wakuda. Ku Institute of Paper Chemistry ku Appleton, Wisconsin, ankawafuna, koma tauni imeneyo sinkalola munthu wakuda kugonamo usiku. Pamenepa m'holo munali zii. Ine mtima unandiwawa kwambiri pa ya Appleton, chifukwa palibe amene ankakayika nzeru zawo, vuto linali poti akagona kuti.

Nde mu 1936 kunabwera foni kuchokera kwa W. J. O'Brien, mmodzi wa mabwana a kampani ya Glidden ku Chicago. Glidden inali kampani ya penti, anzanga, osati ya mankhwala. Inali ndi nthambi yoona za soya, ndipo njira zambiri zokonzera soya nthawi imeneyo zinkachokera ku Germany, nde munthu wodziwa chemistry komanso Chijeremani anali wofunika ngati madzi. Anawalemba kukhala mkulu wa kafukufuku ku nthambi imeneyo, munthu wakuda kuyang'anira labu yokhala ndi azungu, zimene zinali zosowa kwambiri ku America nthawi imeneyo. Anakhala kumeneko mpaka 1953.

Apa ndi pamene pali yankho la funso la achinyamata athu. Bambo wina wachikulire, amene anagwira ntchito zaka zambiri mu labu ya fakitale, ndi amene anatambasula bwino. Mfundo yake inali yakuti profesa akapanga kaufa kodzadza nsonga ya supuni, nkutsimikiza kuti ndi chinthu chimene amafuna, ntchito yatha, alemba pepala. Wa mu kampani pamenepo ndi pamene ntchito yayamba kumene. Amafunsidwa kuti kodi ungapange matani angati pa tsiku, zopangira zake zichokera kuti ndipo ndi ndalama zingati, za lero zifanana ndi za mawa, kodi thanki ikatentha siiphulika, nanga zotsalira tizitaya kuti kapena tingazigulitse. Chinthu chimene chimayenda bwino m'kabotolo ka mu labu chimatha kukanika mu thanki yaikulu, chifukwa madzi ambiri satentha mofanana paliponse, kutakasa kumavuta, kusefa kumene kumatenga mphindi zisanu pa benchi kumatha kutenga tsiku lonse. Ndipo bwana wako amafuna phindu, alibe nazo ntchito zoti reaction yako ndi yokongola.

Ntchito yoyamba imene anawapatsa a Julian sinali yopatsa ulemu olo pang'ono. Inali yochotsa puloteni mu soya kuti azikutira mapepala akhale osalala, kupangira guluu ndi penti, m'malo mwa casein wa mu mkaka amene anali wodula. Anayang'anira kumanga ndi kuyendetsa fakitale imene inafika potulutsa matani 40 a puloteni pa tsiku. Munthu amene anagonjetsa Robinson wa ku Oxford akulimbana ndi zokutira mapepala! Koma sanainyoze ntchitoyo. Ndipo mu puloteni yomweyo munatuluka china chosayembekezeka. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kampani ya National Foam System inagwiritsa ntchito puloteni ya Glidden kupanga thovu lozimitsira moto wa mafuta, lotchedwa Aer-O-Foam, limene asilikali a pamadzi a America ankazimitsira moto pa sitima zawo. Moto wa petulo ukauthira madzi umangoyandama nkufalikira, koma thovu limaphimba pamwamba ngati bulangeti, mpweya sulowa, moto nkuzima. Anatipangira kachionetsero, kukhutchumula madzi a puloteni ya soya m'botolo mpaka thovu kudzadza, nkulisiya patebulo pafupi ndi lina la madzi wamba. Titabwerako ku tiyi thovu lija linali likadalipo. Mu 1947 bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP linawapatsa mendulo yake yaulemu ya Spingarn.

Koma nkhani imene ndikufuna muikumbukire ndi ya thanki. Cha m'ma 1939 anawaimbira kuchokera ku fakitale kuti kwaonongeka zinthu, madzi alowa mu thanki ya magaloni 100,000 a mafuta a soya oyengedwa kale, ndipo pansi pake paundana zinthu zoyera ngati phala. Kwa mabwana amenewo anali malosi, mafuta a ndalama zambiri aonongeka, wina achotsedwa ntchito. A Julian atayang'ana zoyerazo anakumbukira china. Ali ku DePauw, akulimbana ndi nyemba ya Calabar, tsiku lina anapeza timibulu toyera titapangika m'kambale momwe anasiyamo mafuta a nyembayo atakhudzana ndi madzi, ndipo atafufuza anapeza kuti ndi stigmasterol. Zimene zinali pansi pa thanki zinali za mtundu womwewo, ma sterol a mu soya, kungoti pano zinali zambirimbiri. Ngozi ija inawaonetsa njira yochotsera ma sterol m'mafuta mochuluka.

Mwina ena mukufunsa kuti nanga stigmasterol ndi chiyani kuti munthu asangalale nayo. Kwa amene mumaphunzitsa organic, jambulani mphete zinayi zolumikizana zija za steroid, kenako mchira wautali kumbali. Mahomoni a m'thupi mwathu, progesterone ndi testosterone, ali ndi mphete zinayi zomwezo koma mchira ndi waufupi kapena palibe. Ubwino wa stigmasterol ndi woti pamchira pake pali double bond, malo oti ungadulepo bwinobwino, ndipo a Julian ankadula ndi ozone. Akatswiri a ku Germany, Butenandt ndi Fernholz, anali atasonyeza kale cha m'ma 1934 kuti kuchoka ku stigmasterol ungafike ku progesterone. Choncho a Julian sanatulukire njirayo kuchokera kopanda kanthu, ndipo aliyense pa msonkhano anavomereza zimenezi. Chimene iwo anachita ndi kuichotsa pa benchi nkuiika mu fakitale. Nthawi imeneyo mahomoniwa ankachokera ku ziwalo za nyama za kophera, kuchuluka kwa nyama koma kotuluka kochepetsetsa, mtengo wake woti munthu wamba sangaufike. Progesterone madokotala ankaipereka kwa amayi amene ankapita padera kawirikawiri. Mu 1940 Glidden inatumiza paundi imodzi yokha ya progesterone, sikukwana ndi theka la kilo komwe, ku kampani ya Upjohn, ya ndalama zopitirira madola 60,000, ndipo inayenda pa galimoto ya chitetezo ngati zija zonyamula ndalama ku banki.

Ine pamenepa ndinalemba m'kope langa kuti anthu angati anaona phala loyera lija tsiku limenelo. Onse anaona zinyalala. Mmodzi yekha ndi amene anali atayang'anitsitsapo kambale kena zaka zingapo m'mbuyomo nkufuna kudziwa kuti timibulu timeneti ndi chiyani, ngakhale sitinali mbali ya ntchito imene ankapanga. Ife ana athu akapeza zosiyana ndi zimene zili m'buku, amafufuta nkulemba yankho la m'buku, ndipo nthawi zambiri ndi ife amene tinawaphunzitsa kutero chifukwa timachonga yankho osati zimene mwana waona. Izi zandivutitsa njira yonse yobwerera.

Tsopano za cortisone, funso lanu loyamba. Yankho ndi lakuti ayi, sanatulukire cortisone, ndipo tisiye kuuza ana choncho. Amene anagwira ntchito yopeza mahomoni a mtundu umenewu ndi Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein, ndipo dokotala Philip Hench wa ku Mayo Clinic ndi amene analengeza mu 1949 kuti cortisone ikuthandiza modabwitsa odwala nyamakazi yoopsa ija yotupitsa mfundo. Atatuwa analandira Nobel mu 1950. Vuto linali loti mankhwalawo ankapangidwa ndi kampani ya Merck kuchokera ku ndulu ya ng'ombe, kudutsa masitepe opitirira 30, nde anali ochepa ndi odula koopsa, odwala akulira m'zipatala. Mu 1949 momwemo a Julian analengeza njira yopangira chinthu chotchedwa Substance S kuchokera ku soya. Chinthu chimenechi chimasiyana ndi hydrocortisone, m'bale wake wa cortisone wogwira ntchito yofanana, ndi atomu imodzi yokha ya oxygen, pa kaboni nambala 11. Kuika oxygen pamalo amenewo ndi chemistry wamba kunali kovuta zedi, mpaka akatswiri ena anapeza kuti tizilombo ta nkhungu timatha kuchita zimenezo tokha. A Upjohn analengeza njira yawo ya nkhungu mu 1952, yoyambira pa progesterone, ndipo makampani ena anagwiritsa ntchito nkhungu kusandutsa Substance S kukhala hydrocortisone.

Panali kukangana pang'ono pa mfundoyi. Mnyamata wina anaimirira mokwiya, maganizo ake anali oti kunena kuti a Julian sanatulukire cortisone ndi kuwalandanso ulemu monga ankachitira azungu aja. Ndinamumvetsa. Koma ine ndili mbali ya amene anamuyankha kuti ulemu wabodza sukhalitsa, tsiku lina mwana adzawerenga yekha nkupeza kuti tinamunamiza, kenako adzakayikira ndi zoona zomwe. Komanso bodzalo limabisa ntchito yeniyeni. Mankhwala kupezeka mu labu ndi china, kufika m'manja mwa wodwala wosauka ndi chinanso, ndipo ntchito ya pakati pamenepa, yotsitsa mtengo ndi kuchulutsa, ndi imene a Julian anathera moyo wawo. Ntchito imeneyi mabuku athu saitchula kawirikawiri chifukwa imalembedwa m'mapatenti, zikalata za boma zoteteza umwini wa zimene munthu watulukira, ndipo iwo anali ndi mapatenti opitirira 130.

Tsiku lachiwiri m'mawa linali la nkhani ya kunyumba, ndipo linali lolemera. Anakwatira Anna Roselle Johnson mu 1935, mayi wophunzira kwambiri amene naye anatenga PhD ya sociology ku University of Pennsylvania. Mu 1950, chaka chomwe nyuzipepala ina ya mu mzindawo inawatcha munthu wopambana wa ku Chicago, anagula nyumba ku Oak Park, dera limene kunkakhala azungu. Asanalowemo nkomwe, pa tsiku la tchuthi cha ku America cha Thanksgiving, anthu anayesa kuiotcha. Mu June 1951 anaponyanso bomba la dynamite panyumbapo. A Julian ankachezera usiku panja ndi mfuti kulondera banja lawo, nthawi zina atakhala mumtengo pamodzi ndi mwana wawo wamwamuna. Munthu amene thovu lake linapulumutsa asilikali a dziko lomwelo. Sanasamuke. Ndipo chilungamo chake, anthu ena ambiri a m'deralo anaima nawo nkudzudzula zachiwembuzo poyera. Lero ku Oak Park kuli sukulu yotchedwa dzina lawo, ku Chicago kulinso ina.

Mu 1953 anachoka ku Glidden, kampaniyo itayamba kusiya za mahomoni. Apa bambo wachikulire uja anawonjezera mfundo imene achinyamata athu ayenera kuimva asanathamangire ku makampani, yakuti zimene watulukira mu labu ya kampani ndi za kampani, ndipo mabwana akaganiza zosintha bizinesi kafukufuku wako amatha kutsekedwa Lachisanu masana olo akhale wabwino bwanji. A Julian anayambitsa yawo, Julian Laboratories, ku Franklin Park, Illinois. Nthawi imeneyo zinali zitadziwika kuti zilazi zam'tchire za ku Mexico, zimene Russell Marker anayamba kugwiritsa ntchito ndipo kampani ya Syntex inakulira pa izo, zimatulutsa zopangira mahomoni mosavuta kuposa soya. Munthu amene dzina lake linamangidwa pa soya sanakakamire, anatembenukira ku zilazi, anamanga fakitale ku Mexico. Kumeneko anakumana ndi chipsinjo china, chilolezo chokumba zilazizo chinavuta, mpaka anakapereka umboni ku Senate ya America mu 1956 pa nkhani ya kampani imodzi kuphangira msika. Mu 1961 anagulitsa kampani yawo kwa Smith, Kline and French pa mtengo wa madola 2.3 miliyoni, nkukhala mmodzi mwa anthu akuda oyambirira kulemera chotero ku America, ndipo ndalama zina ankathandizira mabungwe omenyera ufulu wa anthu akuda.

China chimene chinanenedwa mobwerezabwereza ndi choti ku Glidden komanso ku kampani yawo ankalemba ntchito akatswiri akuda ndi amayi, anthu amene makampani ena ankawabweza pageti. Ankati anali bwana wofuna zambiri, wogwira ntchito mpaka usiku ndipo amayembekeza kuti enanso atero. Koma anthu ambiri anayambira m'manja mwawo nkukakhala akatswiri kwina.

Mu 1973 anasankhidwa kulowa mu National Academy of Sciences, bungwe la akatswiri apamwamba a sayansi ku America, munthu wakuda wachiwiri kulowamo, woyamba anali katswiri wa masamu David Blackwell. Anamwalira pa 19 April 1975 ku Waukegan, Illinois, ndi khansa ya chiwindi, patangopita masiku asanu ndi atatu atakwanitsa zaka 76. Mu 1990 anaikidwa mu National Inventors Hall of Fame, mu 1993 nkhope yawo inatuluka pa sitampa ya ku America. DePauw ija inawakaniza uprofesa inadzatcha nyumba yake ya sayansi ndi masamu dzina lawo.

Gawo lomaliza linali lokambirana m'magulu, ndipo gulu lathu linatsamira pa funso loti kodi sayansi inataya kapena inapindula pamene a Julian anakankhidwira ku kampani ya penti. Ena ankati akanakhala profesa akanatulukira zazikulu, mwina mpaka Nobel. Ena ankati popanda Glidden sakanakumana ndi thanki ija. Ine ndinayankhulapo m'dzina lanu, ndipo ndikufuna mudziwe zimene ndinanena kuti ngati simukugwirizana nazo mundiuze. Ndinati sitingayamike tsankho chifukwa choti munthu amene linamupondereza anapeza njira ina, chimene anawachita chinali choipa basi, ndipo alipo ambiri amene anabwezedwa pa zitseko zomwezo amene mayina awo sitidzawamva. Koma ndinatinso tisamayankhule ngati ntchito ya mu fakitale ndi malo ogwera munthu amene walephera kukhala profesa. Imafuna nzeru zake, ndipo imakhudza anthu ambiri mwachindunji. Ambiri anagwedeza mitu movomereza, mmodzi anatsutsa, nthawi inatithera tisanamalize.

Ndabwera ndi zithunzi za ma slide amene anatilola kujambula, chojambula cha njira yochokera ku stigmasterol kufika ku progesterone chimene mayi uja anandijambulira pa pepala ndi dzanja lake, komanso ndondomeko ya kachionetsero ka thovu kaja, kamene sikafuna zida zodula ndipo mulibe moto, ana angapange okha. Zonse ndibwera nazo pa mkumano wathu wotsatira.

Pali zinthu zimene ndikupempha a Tcheya aziike pa ajenda. Tikonze kapepala kathu kaja ka mbiri za asayansi, pamene tinalemba kuti a Julian anatulukira cortisone, ndipo ndadzipereka kulemba ndime yatsopano ngati mundilola. Ndikupemphanso kuti pa practical iliyonse tiziika kabokosi koti mwana alembe chimene waona chosayembekezeka, ndipo kakhale ndi malikisi ake, chifukwa chopanda malikisi tonse tikudziwa kuti sadzalemba. Achinyamata aja anafunsa za ntchito za m'makampani ndikufuna ndikhale nawo pansi ola limodzi tisanayambe mkumano, ndili ndi zambiri zimene bambo wachikulire uja ananena zimene sindinazilembe muno. Anandipatsanso chilolezo choti tingamuitane adzayankhule nafe pa vidiyo, nde komiti ikavomera mundiuze msanga kuti ndimulembere sabata ino isanathe.